Chamba si fodya, lekani kudula mutu mochedwa

Mwezi uno wa February ndalowa m'mipanda ingapo ku Rosettenville ndi ku Cosmo City kuno ku Johannesburg, ndipo zimene ndikuona zikundiwawa. Munthu walera chamba chake kuyambira October, kuthirira, kuthamanga nacho kukhonde matalala akayamba, koma chikangotulutsa tiubweya toyera kunsonga, iye watenga mpeni wadula mutu. Ena akuthotholanso mphukira zonse za m'mbali. Ndikafunsa, yankho ndi limodzi: "Kumudzi fodya timatero."

Inde, fodya timatero, chifukwa pa fodya tikufuna tsamba. Timadula duwa ndi kuchotsa mphukira kuti chakudya chonse chipite kumasamba. Nanga pa chamba mukudikira chiyani? Si duwa lomwelo? Mphukira mukutayazo ndiye nthambi zimene zikanabereka. Dzanja lanu lazolowera munda wa ku Kasungu, ndiye mukulilola kugwira ntchito mutu usanaganize.

Chamba chimawerenga kutalika kwa usiku. Kuno masana amayamba kufupika December akamatha, ndipo pofika kumapeto kwa January kapena mu February mbewu imasiya kupanga nthambi zatsopano n'kuyamba maluwa. Mukadula nthawi imeneyo, chimene mwachotsa chapita, sichibweranso. Mbewu imataya masiku ikupoletsa bala, pamene mvula yamasana ino ikulowa pachilondapo n'kuyambitsa kuola. Mbewu yakwathu ku Malawi ija imachedwa kale kukhwima, ndiye mukaibwezanso m'mbuyo, chisanu cha mu May chimaipeza isanathe.

Bambo wina wogwira ntchito yaulonda anandionetsa zake ziwiri, zili m'ndowa za malita 20. Anali atazidula pakati, tsinde lili yasa ngati bango, madzi atadikha m'kati. Anati, "Alangizi, chinapitirira mpanda, eni nyumba anayamba kulankhula. Ndikanatani?" Za mpandazo sanalakwe. Chigamulo cha Constitutional Court, khoti lalikulu la South Africa, cha mu 2018 chimalola munthu wamkulu kulima chake pamalo ake obisika, osati poonekera msewu wonse. Koma ntchito yofupikitsa inali ya mu November, tsinde likadali lanthete. Nditamulangiza zoweramitsa nthambi n'kuzimanga, anandiyang'ana, n'kunena kuti agogo ake sanamangepo mbewu ndi chingwe. Ndinamuuza kuti agogowo analibe mpanda wa eni nyumba, anali ndi phiri lonse.

Nsonga yapamwamba ndi imene imapondereza nthambi zapansi kuti zisakule. Mukaiweramitsa kuti ifanane msinkhu ndi zinzake, zonse zimadzuka pamodzi, dzuwa limagwa mofanana, mphepo imadutsa pakati, ndipo simukhala ndi mutu umodzi waukulu umene umasunga chinyezi.

Zochita n'zochepa. Chaka chamawa dulani nsonga kamodzi mbewu ikafika mfundo 5 kapena 6, ndipo January akayamba mpeni ubwerere kukhitchini. Bowolani milomo ya ndowa, kokerani nthambi m'mbali ndi tinsalu tofewa, osati waya, chifukwa waya amadula khungwa. Muzisuntha zingwe sabata iliyonse. Nthambi ikathyoka pang'ono, ikulungeni ndi tepi, kawirikawiri imalumikizana. Amene simunadule chaka chino, musadule, weramitsani pang'onopang'ono zimene zikadali zofewa. Kugulitsa n'koletsedwabe kuno, ndipo musachiike m'chikwama chokwera nacho basi pa Park Station, chifukwa pamalire a ku Beitbridge ndi ku Mwanza lamulo ndi lina.