Mndandanda wa mitengo pa foni uziwerenga za m'foni, osadikira netiweki

Achinyamata ambiri amene akuphunzira kupanga mapulogalamu a pa foni kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje amayambira pa mndandanda. Wina akufuna kuonetsa mitengo ya chimanga, mapira, nandolo ndi chitowe m'misika ya ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Wina akufuna kuyala mbuzi ndi ng'ombe zamalonda, chiweto chilichonse ndi chithunzi chake. Winanso, pokumbukira Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, akufuna kuti anthu a ku Makhanga aziona machenjezo a madzi osefukira. Ntchito yake ndi imodzimodzi: kukatenga uthenga ku seva (kompyuta yakutali yosunga uthengawo) kudzera pa intaneti n'kuuyala pa sikirini kuti munthu azikoka ndi chala. Mukamayesa muli pa Wi-Fi zonse zimayenda myaa. Mavuto amadzaoneka foni ikafika m'manja mwa mlimi.

Langizo langa lalikulu ndi ili: mndandanda wanu usamawerenge kuchokera pa intaneti. Uziwerenga zimene zasungidwa m'foni momwemo, ndipo ntchito ya intaneti ikhale kudzaza ndi kukonzanso zosungidwazo netiweki ikagwira.

Pa Android chida chosungira uthenga m'foni ndi Room, chomwe chimakhala pamwamba pa SQLite, nkhokwe ya matebulo yomwe ili kale m'foni. Retrofit, chida chokokera uthenga pa intaneti, ikatenga JSON (kalembedwe ka uthengawo) ku seva, musapereke mizereyo ku sikirini. Ilembeni kaye mu Room. Sikirini izingoyang'anira tebulo la mu Room kudzera mu Flow kapena LiveData, zida zodziwitsa sikirini zinthu zikasintha, ndipo tebulo likasintha mndandanda usintha wokha. Ena amaona ngati uku n'kuzungulira, koma taganizani za bambo amene ali kudimba kutsidya kwa Shire, komwe netiweki imabwera n'kupita. Akatsegula apu yowerenga pa intaneti, aona kagudumu kakuzungulira mpaka atatopa n'kubweza foni m'thumba. Akatsegula yowerenga mu Room, aona pomwepo mitengo yadzulo, ndipo yatsopano ilowa yokha akakwera pamtunda.

Komatu mitengo yadzulo ili ndi ngozi yake, ndipo apa mumvetsetse. Mtengo wakale wopanda tsiku ndi woipa kuposa kusaona mtengo n'komwe. Mayi akhoza kukweza matumba a chitowe pa kabaza, kulipira ulendo wonse mpaka ku Bangula, n'kukapeza mavenda akugula motsika chifukwa mtengo umene anauona unali wa sabata yatha. Sadzanena kuti netiweki inavuta. Adzanena kuti foni inawanamiza, ndipo mudzi wonse udzamva. Choncho mzere uliwonse uzinena nthawi imene mtengowo unatengedwa kumsika, m'mawu omveka ngati akuti "lero m'mawa" kapena "masiku atatu apitawo". Nthawiyo ichokere ku seva pamodzi ndi mtengo, isakhale nthawi imene foni inaukoka, chifukwa foni ikhoza kukoka lero mtengo womwe unalembedwa Lolemba. Pamwamba pa mndandanda muikenso kamzere kena konena nthawi imene foni inalumikizana ndi seva komaliza. Ndipo musaiwale muyeso. Mtengo wa kilo imodzi, wa ndowa ndi wa thumba la makilogalamu 50 ndi zinthu zitatu zosiyana, ndiye nambala yokhayokha yopanda muyeso ingoyambitsa mkangano pa sikelo.

Pa machenjezo a madzi nkhani imeneyi ndi ya moyo. Nthawi imene uthenga ukufunika kwambiri ndi yomwenso magetsi ndi netiweki zimavuta. Tonse tikukumbukira mu Januwale 2022 pamene Namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Apu yamachenjezo ikakhala maola angapo osalumikizana ndi seva, isaonetse uthenga wakale mwakachetechete ngati kunja kuli bata. Isinthe mtundu, ilembe ndi zilembo zazikulu kuti uthengawu ndi wakale, mverani wailesi ndi a komiti yoona za ngozi m'mudzi mwanu. Chenjezo lililonse lizinenanso komwe lachokera, kaya ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kaya ku nthambi yoona zanyengo. Inu ndinu wonyamula uthenga chabe, musamalosere nokha za Ruo kapena Shire.

Tibwere ku sikirini. Mafoni ambiri amajambula sikirini ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi pafupifupi 16 okha. Ntchito yojambulayo imachitika pa main thread, njira yaikulu imene apu imagwiriramo ntchito zake motsatizana, ndipo mukaikapo china cholemera mndandanda umayamba kukakamira. Kuyambira pa Android 3.0 ya mu 2011, kuyesa kulowa pa intaneti muli pa main thread kumagwetsa apu ndi NetworkOnMainThreadException. Alipo amene amapeza kanjira kotsekera chenjezoli kudzera mu StrictMode. Musachite zimenezo. Munthu akadina, apu n'kukhala masekondi asanu osayankha, Android imatulutsa uthenga wakuti apu yauma ndipo imam'funsa ngati aitseke. Gwiritsani ntchito ma coroutine a chiyankhulo cha Kotlin, omwe amathandiza kuti ntchito yodikira isaumitse main thread. Retrofit ndi Room zonse zimayenda nawo bwino. Kukoka uthengako kuyambire mu ViewModel, gawo losunga uthenga wa sikirini, chifukwa foni ikatembenuzidwa chopingasa Activity, gawo loonetsa sikiriniyo, imamangidwanso, ndipo ngati munaika kukokako mu Activity ndiye kuti kutembenuza kulikonse kukudya bandulo ya mwini foni.

Choyala mizere chikhale RecyclerView, yomwe inabwera mu 2014 kudzapepuza ListView yakale. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana ndi mbale za paukwati. Anthu akhoza kukhala mazana atatu, mbale n'kukhala makumi awiri, koma onse amadya chifukwa wina akamaliza mbale imatsukidwa n'kupatsidwa wotsatira. RecyclerView nayo imapanga mizere yongokwanira pa sikirini ndi ingapo yapadera, ndipo mzere ukatuluka pamwamba umabwerera pansi kudzanyamula uthenga wina. Kutsukako ndi ntchito yanu, mu onBindViewHolder, momwe mumalemba zoti mzere uonetse. Cholakwika chofala ndi ichi: mwalemba kuti mtengo ukatsika mzere ukhale wofiira, koma simunalembe choti chichitike ukapanda kutsika. Mzere wofiirawo ukabwerera pansi umafiiritsa nandolo zomwe mtengo wake sunasinthe. Paliponse pamene mwalemba if, lembaninso else yobwezera zinthu m'malo mwake. N'chimodzimodzi ndi zithunzi: chithunzi cha mbuzi chikachedwa kufika, chikhoza kudzagwera pa mzere womwe tsopano wanyamula ng'ombe. Zida zokokera zithunzi monga Glide kapena Coil zimathetsa pempho lakale mzere ukalandira latsopano, choncho musavutike kulemba chokokera zithunzi chanuchanu.

Amene mukugwiritsa ntchito Jetpack Compose, chida chanu ndi LazyColumn, ndipo mzere uliwonse muupatse key, chizindikiro chakechake. A Flutter, ndi ListView.builder. Kulikonseko, seva izipereka nambala yosasintha ya chinthu chilichonse. Ndi nambala imeneyo ListAdapter ndi DiffUtil zimadziwa kuti pa mizere yonse wasintha ndi mtengo wa mapira ku Ngabu wokha, n'kukonza mzere umodziwo. Kuitana notifyDataSetChanged nthawi zonse kumajambulitsanso mizere yonse yooneka popanda chifukwa.

Zithunzi ndi zimene zimapha mafoni otsika mtengo. Tawerengani nokha. Chithunzi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi chili ndi mapikiselo 12 miliyoni, ndipo chikatsegulidwa mu memori pikiselo iliyonse imatenga mabayiti anayi. Ndiwo mamegabayiti 48 pa mbuzi imodzi. Kachithunzi ka 200 kwa 200 kamatenga makilobayiti 160 okha. Glide imachepetsa chithunzi kuti chikwane pamalo ake, zoona, koma imatero itakoka kale fayilo yonse, bandulo itapita. Kuchepetsa kwenikweni kuchitike ku seva: mndandanda uzilandira tizithunzi ting'onoting'ono, chachikulu chizibwera munthu akadina mzerewo. Ine ndimakonda apu yokhala ndi kabatani kozimitsira zithunzi zonse. Wogula ng'ombe amafuna kuiona, koma wofunsa mtengo wa chimanga amachidziwa kale chimanga.

Musakoke zonse nthawi imodzi. Pemphani mizere 20 kapena 30, ina ibwere munthu akayandikira kumapeto. Paging 3 imachita zimenezi, ndipo RemoteMediator yake ndi imene imalumikiza masamba ochokera ku seva ndi Room. Kusefa kuchitikenso ku seva, kuti wosankha msika wa Nchalo asakokerenso za ku Marka. Seva ikamatumiza ETag (chizindikiro cha uthenga umene ulipo panopa), ndipo OkHttp, chida chimene Retrofit imadutsiramo, mutaipatsa cache yosungiramo mayankho akale, pamene palibe chasintha yankho limangokhala 304, kutanthauza kuti palibe chatsopano, popanda kutumizanso mndandanda wonse. Ngati mukufuna kuti apu izidzikonza yokha ili m'thumba, WorkManager ilipo, ndipo siyilola kubwereza pafupipafupi kuposa mphindi 15. Koma pa mitengo ya kumsika kamodzi kapena kawiri pa tsiku n'kokwanira. Batire kumudzi ndi ndalama, anthu amalipira potchajitsa.

Sikirini yoyera mbee yopanda mawu isamaoneke. Kudikira, kusowa kwa zinthu pa msika umenewo ndi kulephera kwa netiweki ndi nkhani zosiyana, ndipo iliyonse ikhale ndi uthenga wake m'Chichewa, ndi m'Chisena ngati mungathe. "Netiweki yavuta, mukuona mitengo yadzulo" pamodzi ndi batani lakuti "Yesaninso" zimathandiza kuposa nambala ya vuto yomwe mlimi sangaimve. Kukoka kukalephera, musafufute zomwe zili mu Room. OkHttp imadikira masekondi 10 polumikiza ndi 10 powerenga isanagonje, ndipo kumadera ena kuno ndi bwino kuwonjezerako. Ngati apu sikukoka kanthu ngakhale netiweki ili bwino, yang'anani zinthu ziwiri musanaimbe mlandu seva: chilolezo cha INTERNET mu fayilo ya AndroidManifest, komanso adiresi ngati ikuyamba ndi https, chifukwa mapulogalamu omangidwira Android 9 kupita m'tsogolo amakana http wamba pokhapokha mutalola nokha.

Pali chinanso chomwe anzathu a kumalo ozizira sachiganizira: dzuwa lathu. Mu Okutobala masana pamsika wa Ngabu, zilembo zotuwa pa sikirini yoyera sizioneka ngakhale utatchinga ndi dzanja. Lembani zakuda bii, mtengo ukhale waukulu kuposa china chilichonse pa mzerewo, kukula kwa zilembo muyeze ndi sp, muyeso wa zilembo pa Android, kuti agogo amene anakulitsa zilembo m'foni mwawo apu iwatsatire, ndipo malo odina asachepere 48dp (dp ndi muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini).

Poyesa, siyani foni yanu yabwinoyo. Bwerekani itel kapena Tecno yakale ya memori yochepa, ya Android Go ngati ilipo, yodzaza kale ndi zithunzi ndi nyimbo. Mu emulator ya Android Studio, foni yoyeserera ya pa kompyuta, tsitsani liwiro la netiweki kufika pa EDGE, netiweki yochedwa ya 2G. Yatsani airplane mode mndandanda uli mkati mokoka, kenako tsekani apu n'kuitsegulanso, muone ngati mitengo yakale ikadalipo ndi tsiku lake. Tembenuzani foni kangapo. Kokani mndandanda mwaliwiro mpaka pansi n'kubwerera, maso ali pa mitundu ndi zithunzi. Zikatheka kwerani minibasi kuchoka pa Thabwa kulowera ku Bangula apu ili yotsegula, muziikoka m'njira monse. Mukafika, ipatseni mayi wina wogulitsa pamsika, musawafotokozere kalikonse, mungowafunsa kuti: "Mayi, nandolo ku Nchalo akugula bwanji, ndipo mtengo umenewu ndi wa liti?" Akayankha funso loyamba lokha, kulitsani tsikulo ndipo mulisunthire pafupi ndi mtengo.