Mmene timapimira dzuwa tisanaike mapanelo

Malaiti akapita kuno ku Chilenje mu Lusaka, aneba amadandaula mofanana: "Dzuwa lonseli likungopita pachabe, bwanji osangoika sola dziko lonse?" Sakunama, dzuwa tili nalo. Koma ine amene ndatha zaka ndikupukuta magalasi a zida zopimira dzuwa, ndikudziwa kuti banki yobwereketsa ndalama zomangira malo a sola siimva zakuti "dzuwa ndi lambiri". Imafunsa kuti ndi lochuluka bwanji, pamalo ati, mwezi uti. Achinyamata amene mukufuna kulowa ntchitoyi, nayi njira imene timatsata.

Yambani ndi kusiyanitsa kutentha ndi kuwala. Panelo limapanga magetsi kuchokera ku kuwala, kutentha kumangolifoola. Likatentha kupitirira madigiri 25, mphamvu yake imatsika pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. N'chifukwa chake chigwa chotentha ngati cha Chirundu sichiposa Lusaka chifukwa chongotentha. Kuno tili pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kamphepo kathu kamathandiza mapanelo.

Chimene timawerenga ndi mphamvu ya kuwala yogwera pa sikweya mita imodzi pa tsiku, m'ma kWh, mayunitsi omwe aja timagula ku ZESCO, kampani yathu ya magetsi. Mu Lusaka, mukaphatikiza chaka chonse, pamagwa pafupifupi mayunitsi 5.5 pa tsiku. Kuwalako kuli pawiri: kochokera mwachindunji ku dzuwa, komwe kumapanga chithunzithunzi chanu pansi, ndi komwazika ndi mitambo, fumbi ndi utsi, komwe kumakulolani kuona ngakhale kunja kutachita mitambo. Mapanelo amagwiritsa ntchito kuwiri konseku.

Musathamangire kugula zida. Tsegulani kaye Global Solar Atlas pa intaneti, mapu aulere a World Bank opangidwa ndi kampani ya Solargis. Mukadina pamalo, amakupatsani manambala owerengedwa kuchokera ku zithunzi za mitambo zimene masetilaiti akhala akujambula kwa zaka zambiri. Apa mumasankha madera oyenera kuwaganizira. Koma setilaiti imaona ili kutali. Utsi wa mu August ndi September, anthu akamatentha tchire, imatha kuuyerekeza molakwika, chimodzimodzinso timitambo ting'onoting'ono ta m'dzinja. Ndiye pamafunika kupima pansi kuti muwongole zimene yaona kumwamba. Ndi zimene dziko lathu linachita kuyambira mu 2015 mothandizidwa ndi World Bank: anaika masiteshoni 6, ena mwa iwo pa yunivesite ya UNZA kuno ku Lusaka, pa Mount Makulu ku Chilanga, pa Mochipapa ku Choma ndi pa Misamfu ku Kasama, n'kupima kwa zaka ziwiri.

Chida chachikulu pa siteshoni ndi pyranometer, kambale kokhala ndi kagalasi kozungulira pamwamba, kamene kamapima kuwala konse kogwera pamalo athyathyathya. China ndi pyrheliometer, chooneka ngati kapaipi, chimene makina amachitembenuza kuti chiziloza dzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Onjezani chopimira kutentha, mphepo, chinyezi ndi mvula. Zonsezi zimalumikizidwa ku kabokosi kosunga manambala, kamene kamalemba mphindi iliyonse. Akuluakulu a zanyengo amakumbukira mpira wagalasi umene unkawotcha kapepala dzuwa likawala. Uja unkangonena maola a dzuwa, osati mphamvu yake, choncho sukwanira pa ntchitoyi.

Malo oika siteshoni akhale poyera, popanda mtengo, thanki kapena mlongoti wa foni woponya mthunzi. Yang'anani mbali zonse, osati kumpoto kokha. Ambiri amadziwa kuti kuno dzuwa limapendekera kumpoto mu June, koma amaiwala kuti kuyambira kuchiyambi kwa November mpaka kuchiyambi kwa February, masana limakhala chakummwera kwa mutu wathu. Pyranometer muikhazike mowongoka ndithu, kathovu ka pa levulo kakhale pakati. Mangani mpanda chifukwa cha mbuzi ndi ana, ndipo kambiranani ndi eni malo kapena amfumu musanakumbe dzenje ngakhale limodzi.

Tsopano pamene pagona ntchito yonse: kupukuta. Ndikunena ndi mtima wonse, chifukwa ndinaona zotsatira zake. Pa siteshoni ina imene ndinkayendera, manambala a miyezi iwiri anatsika popanda chifukwa chooneka, kumwamba kuli mbee. Titafika tinapeza kagalasi katakutidwa ndi fumbi la mumsewu ndi zitosi za mbalame. Bambo amene anapatsidwa ntchito yopukuta anali atadwala, ndipo panalibe amene anaganiza zoika wina m'malo mwawo. Manambala a miyezi iwiriyo tinawataya. Chida cha ndalama zambiri chimanama ngati palibe munthu wa kansalu kofewa ndi madzi oyera wochipukuta m'mawa, makamaka tsiku lililonse m'chilimwe. Munthuyo muzimulipira bwino, mumuphunzitse kuona ngati kathovu kasuntha, ndipo akhale ndi kabuku kolembamo tsiku ndi nthawi imene wapukuta. Kabukuko kamathandiza wowerenga manambala kudziwa ngati kutsika kwa tsiku lina kunali mtambo kapena litsiro. Ine siteshoni yopanda kabuku sindiikhulupirira.

Pimani miyezi 12 yathunthu, kuposa apo ndi bwino. Mukapima mu September ndi October mokha mudzasangalala pachabe, chifukwa imeneyo ndi miyezi ya dzuwa lamphamvu. Muyenera kuona January ndi February, mitambo ikamakhala masiku angapo osachoka, komanso June ndi July, masiku akafupika. Kenako katswiri amaika manambala a pansi pambali pa a setilaiti a masiku omwewo, n'kuwongola mbiri yonse ya zaka zambiri ija. Chaka chimodzi chokha sichinena zonse, monga mmene mlimi saweruzira munda ndi zokolola za chaka chimodzi. Obwereketsa ndalama amafuna nambala imene malowo angaifikire kapena kuipitirira zaka 9 mwa zaka 10, imene amaitcha P90, chifukwa ngongole imabwezedwa ngakhale chaka cha mitambo.

Kuwerengera kwake poyambira n'kosavuta. Mapanelo a kilowati imodzi, pamalo a mayunitsi 5.5, mukachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu lotayika ndi kutentha, fumbi, mawaya ndi inveta (chida chosintha magetsi a mapanelo kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba), amakupatsani mayunitsi 4.4 pa tsiku. Mukawapendeketsa kuyang'ana kumpoto, madigiri 15 mpaka 20 kuno ku Lusaka, mumapindulako pang'ono, ndipo mvula imatsuka fumbi mosavuta. Ngati mukukonzera kiliniki kapena sukulu yakumudzi yopanda waya wa ZESCO, musawerengere ndi nambala ya chaka chonse. Tengani mwezi woipitsitsa, chifukwa firiji ya katemera iyenera kuzizira ngakhale sabata ya mvula yosalekeza.

Dzuwa likakwanira, funsani za mtunda wofika pa sabusiteshoni (malo olumikizira magetsi anu ku mawaya akuluakulu a ZESCO), msewu wodutsa malole, ndi madzi otsukira mapanelo. M'Zambia kusiyana kwa dzuwa pakati pa zigawo si kwakukulu kwambiri, kotero nthawi zambiri waya ndi umene umasankha malo. Pitani mukaone ku Lusaka South Multi-Facility Economic Zone, kumene kuli Bangweulu ya mamegawati 54 ndi Ngonye ya mamegawati 34, zonse zinayamba kupereka magetsi mu 2019. Zili pafupi ndi mzinda umene ukufuna magetsiwo. Madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba mu 2024 tinakhala maola ambirimbiri mumdima, ndipo anthu ambiri tsopano akufuna kumanga mwachangu. Ngati muli ndi malo amene mukuwaganizira, ikani chopimira mwezi uno, kuti chaka chamawa nthawi ngati ino mudzakhale ndi miyezi 12 m'manja.