Kukonzekera ndakatulo yoti mulakatule pamaso pa sukulu yonse

Ophunzira ambiri amene amalakatula pa asembule, pa tsiku lotsekera teremu kapena pa zisangalalo za Loweruka madzulo amathera mphamvu zawo zonse pa kulemba. Amaiwala kuti anzawo amene adzaza holo sadzaliona pepalalo. Adzamva kamodzi kokha, ndipo mawu amene awadutsa sadzabwereranso. Ndakatulo yolakatula pagulu imalembedwera khutu, ndipo ntchito yonse iyenera kuyambira pamenepo.

Musanalembe kalikonse, funsani mphindi zimene mwapatsidwa. Pa asembule ya m'mawa anthu aimirira padzuwa, mphindi 2 kapena 3 n'zokwana. Pa mwambo waukulu wokhala ndi makolo ndi alendo musapitirire mphindi 5. Mu mphindi 3 mumalowa bwino mizere 24 mpaka 30, ndiye kuti ndime 6 za mizere 4 kapena 5 iliyonse. Mzere umodzi ukhale wa maphatikizo 8 mpaka 12, woti muutulutse ndi mpweya umodzi. Werengani pa zala: "Mvula yagwa, dothi lanunkhira" uli ndi maphatikizo 10. Mzere ukapitirira 14, mpweya umakutherani pakati, mawu omalizira n'kumezedwa, chonsecho ndi amene amanyamula tanthauzo.

Mitu ngati "Umphawi" kapena "Maphunziro" ndi yotambalala kwambiri, ndipo imakankhira mlembi ku malangizo amene aliyense anawamva kale. Sankhani chinthu chimodzi chimene omvera anu akuchidziwa ndi maso awo: belu lodzutsa mbandakucha, mzere wa nsima ndi nyemba, chikwama cha amayi pa tsiku loona ana, usiku womaliza mayeso a MSCE asanayambe. Kenako tsimikizani kuti akuyankhula ndani, ndipo akuyankhula kwa yani. Mwana akuuza mayi ake, kapena belu lenilenilo likudandaula kuti palibe amalikonda. Mukasankha, musasinthe pakati.

Pali msampha umene umagwira olemba atsopano ambiri m'Chichewa, wofuna kuti mizere izithera mofanana. Mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Choncho kufananitsa mathero n'kosavuta, ndipo khutu la womvera silikudabwa nako. Choipa kwambiri n'chakuti mlembi amayamba kupotoza chiganizo kuti mawu amene akufuna agwere kumapeto. Mphamvu ya ndakatulo ya Chichewa ili kwina. Ili mu chibwereza, pamene mzere umodzi umabwerera kumayambiriro kapena kumapeto kwa ndime iliyonse mpaka omvera ayamba kuuyembekezera. Ili mu mvekero: kunena kuti holo inangoti zii, kapena kuti magetsi anangoti phethi, kumagwira ntchito imene mizere iwiri yofotokoza singaigwire. Ilinso mu zining'a zoikidwa pamalo pake. Miyambi ikhale umodzi kapena iwiri m'ndakatulo yonse. Mukaiunjika, anthu amayamba kuwerenga miyambi m'malo motsata nkhani. Mkuluwiko wozama muutsatize ndi mzere woumasula pang'ono, chifukwa womvera alibe nthawi yoima kuti aganize.

Khutu limeneli limakula ndi kuwerenga, ndipo si mabuku a silabasi okha. Mphindi 15 pa tsiku zowerenga mokweza nthano, nkhani zazifupi, tsamba la Tamvani la mu Weekend Nation, kapena buku lobwereka ku laibulale ya sukulu kapena ku nthambi ya National Library Service, zimakuphunzitsani pamene chiganizo cha Chichewa chimapumira.

Mukamaliza kulemba, werengani mokweza katatu muli ndi pensulo m'manja. Paliponse pamene lilime lapunthwa, vuto ndi la mzerewo, osati lanu, ukonzeni. Ikani kamzere kamodzi kopendekera pamene mupume pang'ono, ndi tiwiri pamene mukhale chete masekondi 2 kapena 3. Dulani mzere pansi pa mawu amodzi okha m'mzere uliwonse amene mukufuna kuwatsindika. Samalaninso ndi kakwezedwe ka liwu, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi. Mawu ngati "mtengo" amalembedwa chimodzimodzi kaya ndi wa m'nkhalango kaya wa pamsika, ndipo munthu wamantha amatha kutchula winawo. Dziwaninso kuti kumapeto kwa chiganizo, Chichewa chimakoka chokha phatikizo lachiwiri kuchokera kumathero. Kukoka kumeneko n'kokwana. Ena amakuwonjezera pa mzere uliwonse, liwu n'kumakwera ndi kutsika mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, poganiza kuti ndiko kulakatula. Ikamafika ndime yachitatu anthu amakhala akumva nyimbo ya liwulo, mawu atawataya kalekale.

Kuloweza kumafuna masiku 5 mpaka 7. Lowezani ndime imodzi kapena ziwiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse yambirani pa ndime yoyamba. Kumene anthu amaiwala kawirikawiri ndi polumikizira, ndime ina ikatha ina isanayambe. Choncho yesererani padera mzere womaliza wa ndime iliyonse pamodzi ndi mzere woyamba wa ndime yotsatira, ngati kuti ndi chiganizo chimodzi. Masiku awiri omalizira yesererani mutaimirira, m'malo momwemo mudzalakatuliremo ngati n'kotheka, mnzanu atakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni. Iye akweze dzanja paliponse pamene sanamve. Ayesenso nthawi ndi wotchi, ndipo ngati poyeserera mwatha mphindi 3 ndendende, chotsani mizere iwiri, chifukwa kuseka ndi kuwomba m'manja kwa anthu kudzadya nthawi yanu.

Ngakhale mwaloweza, pepala mupite nalo. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu, mbali imodzi yokha, n'kulimata pa kachidutswa ka katoni. Pepala lopanda chochirikiza limanjenjemera ndi dzanja, ndipo aliyense amaona.

Za ulemu zimayamba tsiku lisanafike. Onetsani ndakatulo kwa mphunzitsi woyang'anira kalabu kutatsala masiku atatu, ndipo zimene mwagwirizana musakazisinthe pabwalo. Musatchule dzina la munthu pomudzudzula, ndipo musamufotokoze mwanjira yoti aliyense atembenuke kumuyang'ana. Kuseka chilema cha munthu, mtundu wake, kayankhulidwe ka kwawo kapena chipembedzo chake kumabweretsa phokoso la mphindi imodzi, koma wosekedwayo mudzakhala naye m'kalasi mpaka chaka chitha. Kudandaula za chakudya kapena madzi n'kololedwa, ndipo ndakatulo imatha kuzinena bwino zinthu zotere, bola idzudzule vutolo osanyoza ophika. Ngati ndakatulo si yanu, tchulani mwini wake musanayambe.

Dzina lanu likaitanidwa, nyamukani msanga, malaya opisira, manja kunja kwa matumba, m'kamwa mopanda chingamu. Pa mwambo waukulu perekani ulemu kamodzi, mwachidule, kuyambira kwa akuluakulu: "Mlendo wathu wolemekezeka, mafumu, a mphunzitsi wamkulu, makolo, aphunzitsi ndi ophunzira anzanga, zikomo." Pamene pali mafumu, weramani pang'ono kapena pindani mawondo monga mwa mwambo wa dera limenelo. Tchulani dzina lanu, kalasi ndi mutu wa ndakatulo, pumani kamodzi, yambani. Musapepese kuti simunakonzekere kapena kuti muli ndi chimfine, ndipo musafotokoze tanthauzo la ndakatulo musanailakatule.

Maikolofoni ikhale motalikira zala 4 kuchokera pakamwa, pansi pang'ono pa mlomo, kuti p ndi ph zisamaphulike. Musaiphimbe kumutu ndi chikhatho kapena kuiloza ku sipika, ndiko kumene kumachokera kulira kobowola makutu kuja. Magetsi akazima pakati, ikani maikolofoni pansi, senderani kutsogolo mapazi awiri, n'kuyambiranso mzere umene munali, mukuyankhula kwa munthu wa pa benchi yomaliza. Maso muwagawe patatu, kumanzere, pakati ndi kumanja, ndime imodzi mbali imodzi. Manja ayende pokhapokha mzere ukafuna. Kuloza kumwamba pa mzere uliwonse kumatopetsa.

Anthu akaseka kapena kuwomba m'manja, dikirani phokoso litsike, chifukwa mzere wonenedwa mkati mwa phokoso watayika. Mukaiwala, musaseke, musagwire kumutu. Bwererani ku mzere wanu wa chibwereza, muunene modekha, ndipo nthawi zambiri ndime yotsatira imabwera yokha. Ikakana, yang'anani pa katoni paja. Mizere iwiri yomaliza muichedwetse kuti anthu adziwe kuti mwafika, kenako nenani "zikomo", perekani maikolofoni ndi manja awiri kwa woyendetsa mwambo, mutsike.

Nanunso mukakhala pansi ndinu womvera. Mnzanu akamalakatula musayendeyende, musanong'onezane, ndipo akakakamira pakati musamuwooze. Kuwomba m'manja pang'ono kumamupatsa mpata wopeza mzere wake. Pomuuza maganizo anu pambuyo pake, tchulani mzere weniweni umene unakugwirani ndi malo enieni amene simunamve, muli awiri, osati pagulu.

Madzulo a tsiku lomwelo funsani anzanu awiri kapena atatu mizere imene akuikumbukira popanda kuona pepala. Mizere imeneyo muisiye momwe ilili. Ndime imene palibe waitchula muiwerengenso mokweza, muone ngati ikufupikitsidwa kapena kuchotsedwa, ndipo mulembe ndakatulo yokonzedwayo mu kope lanu pamodzi ndi tsiku ndi malo amene munalakatulira. Ngati kalabu yanu imakonza mwambo wa Tsiku la Ndakatulo Padziko Lonse pa 21 Malichi, mudzakhala ndi yoyesedwa kale pa anthu yoti mupite nayo.