Kupanga ndi kumanga zitsulo zotchinga miyala m'mbali mwa pikiapu

Amene amayendetsa Hilux kapena Land Cruiser mumsewu wa ku Fort Lister, kapena m'tinjira tokwera m'minda ya tiyi ku Lujeri, amadziwa pamene galimoto imayambira kuvulala: kunsi kwa zitseko, pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo. Tayala likakwera mwala n'kutsikira kuseri, bodi ndiyo imaukhalira. Pakapindika pamenepo chitseko chimayamba kukana kutsekeka. Masitepe a aluminiyamu obwera ndi galimoto sateteza chilichonse, ntchito yake ndi yopondapo basi. Chofunika ndi chitsulo cholimba, chimene ena amati rock slider, chomangidwa ku chasisi kuti chisenze galimoto yonse ikatsamira pamwala. Zimene tikufotokozazi ndi za galimoto yokhala ndi chasisi yakeyake yosiyana ndi bodi, osati X-Trail kapena RAV4.

Chitsulo chachikulu chikhale sikweya chubu ya mamilimita 50 kwa 50, yokhuthala mamilimita 3. Ya 1.6 imene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo isakunyengeni ndi kutchipa, imafwanyika tsiku loyamba. Kunja kwake kumabwera paipi yakuda yozungulira ya mamilimita 42 kapena 48, nayonso yokhuthala 3. Paipi ya madzi ya galata isiyeni: utsi wake powotcherera umadwalitsa, ndipo mfundo yake imatuluka ndi timabowo. Pa double cab gulani sikweya chubu imodzi yathunthu ya mamita pafupifupi 6, paipi imodzi, puleti ya mamilimita 6 yokwana zidutswa zisanu ndi chimodzi za masentimita 15 kwa 12 ndi zotsalira zochirikizira komanso zoika kuseri kwa chasisi, ndiponso mabawuti a M12 olembedwa 8.8 pamutu, nambala yosonyeza kulimba kwake. Bawuti yopanda nambala pamutu musaikepo. Zitsulozi zikasowa pa Chitakale kapena ku Luchenza, ku Limbe mukazipeza.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, mutsuke matope onse pa chasisi. Yezani kuchokera kumene tayala lakutsogolo limathera likakhota mpaka kufupi ndi lakumbuyo, musiye masentimita osachepera 5 mbali zonse. Pa double cab pamatuluka mamita awiri kapena kuchepera pang'ono. Mbali iliyonse ikhale ndi miyendo itatu yochokera ku chasisi kufika pa chubu, uliwonse wowotcheredwa ku puleti yomangidwa ku chasisiyo. Iwiri yokha imasiya pakati pofooka. Maonekedwe a mapuleti yambani mwawadula pa katoni, chifukwa chasisi siyowongoka ndipo kumanja ndi kumanzere sikufanana: kwina kuli thanki, kwina ekizozi ndi waya wa handibuleki.

Pali muyeso umodzi umene ambiri amauphonya. Bodi imakhala pa marabala, ndiye galimoto ikapendekeka pachigwembe, bodi ndi chasisi zimasuntha mosiyana. Pakati pa miyendo ija ndi mkombero wa kunsi kwa bodi payenera kukhala mpata wa mamilimita 12 mpaka 15. Mukachepetsa, chitsulo chizigogoda bodi ulendo wonse, ndipo tsiku lokhalira mwala chidzaphwanya pomwe munkafuna kuteteza. Mukachulukitsa, mwatsitsa galimoto pachabe. Dulani timatabwa ta muyeso umenewu, mutipanikize pakati pomwe mukugwiriza chitsulo ndi majeke awiri.

Musanayatse makina owotcherera chotsani waya wa negetivi pa batire, ndipo chopanira cha ethi cha makinawo chigwire pafupi ndi pomwe mukuwotcherera. Suzumirani kuseri kwa chasisi: mapaipi a mafuta ndi a mabuleki amadutsa kumeneko. Atchingeni ndi lata komanso chiguduli chonyowa.

Pagalimoto muzingodontheza timfundo togwiriza. Mukatero masulani chitsulocho, mukamalizire pansi. Wotchererani pang'onopang'ono, masentimita 3 kapena 4 apa, kenako mudumphire kutali, chifukwa moto wa mbali imodzi umakoka chitsulo n'kuchikhotetsa ngati uta, mabowo osakumananso. Paipi yakunja itukuke pang'ono, madigiri 10 kapena 15, ndipo itulukire masentimita 5 mpaka 8 kupitirira chitseko, ilumikizidwe ku sikweya chubu ija ndi tizidutswa tinayi. Pamene mwendo wakumana ndi puleti ikani kapuleti ka ngodya zitatu pamwamba. Popanda kameneka mfundo imang'ambika pomwepo. Marodi a 6013 a mamilimita 3.2 amakwanira, koma pa miyendo a 7018 amagwira koposa. Vuto la a 7018 ndi lakuti amayamwa chinyontho, ndiye m'nyengo ya chiperoni asungeni motsekedwa, muwaumitse musanawagwiritse ntchito. Magetsi akafooka, rodi ikumangomatirira, dikirani. Mfundo ya moto wochepa imaoneka bwino pamwamba koma siinalowe.

Kumanga ndi mabawuti n'kwabwino kuposa kuwotcherera ku chasisi, chifukwa chitsulo chikapindika mumachimasula n'kukachiwongola. Gwiritsani ntchito mabowo amene alipo kale. Poboola ena, boolani pakati pa khoma la m'mbali, osati pamwamba kapena pansi pa chasisi, pomwe mng'alu umayambira. Chasisi ya magalimoto awa ndi yamphako, choncho bawuti yodutsa mbali zonse ilowe m'kapaipi kokhuthala koikidwa mkati, kuseri kukhale puleti ina. Mukapanda kutero, pomanga chasisi imafinyika ndipo bawuti imakhwepa. Puleti iliyonse ilandire mabawuti osachepera awiri, omangidwa pa 85 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndi manati a nayiloni mkati.

Tsekani kumapeto kwa chubu, koma kunsi muboole kabowo ka mamilimita 6 kotulukira madzi. Mvula ya kuno sichedwa kudyetsa chitsulo dzimbiri kuyambira mkati. Palani ndi girayinda, pakani penti yoletsa dzimbiri ya red oxide kawiri, kenako penti yakuda.

Poyesa, ikani jeke pakati pa chitsulo, mukweze mpaka matayala a mbali imeneyo anyamuke. Tsegulani ndi kutseka zitseko zonse, muone ngati mpata uja ukadalipo. Chitsulo chikakhudza bodi, wonjezerani mwendo kapena zochirikizira. Mukayenda ulendo woyamba wa m'miyala, bwerezani kumanga mabawuti onse.