Mwana amawerenga kwambiri koma pa mayeso amaiwala: mmene tinakonzera

Vuto linali ili: mwana wa zaka 13 ankakhala ndi buku maola awiri madzulo aliwonse, koma akalowa m'chipinda cha mayeso zonse zinkamuthawa. Kuwonjezera nthawi yowerenga sikunathandize. Kudula mizere pansi pa ziganizo ndi kukopera manotsi kachiwiri nakonso kunalephera, chifukwa maso amangozolowera tsamba, mwana n'kumaganiza kuti wadziwa pomwe wangozindikira mawu.

Chomwe chinasintha zinthu ndi kutseka buku. Awerenge mutu umodzi kwa mphindi 20, atseke, kenako alembe papepala lopanda kanthu zonse zomwe akukumbukira. Akatsegulanso buku, alembe ndi cholembera chofiira zomwe anaiwala. Zofiirazo ndiye azibwereze mawa lake, patatha masiku atatu, kenako patatha sabata. Poyamba pepalalo limatsala pafupifupi loyera ndipo mwana amakhumudwa. Musamulole kusuzumira m'buku, pakuti kuvutika kukumbukirako ndiko kumakhazikitsa zinthu m'mutu.

Pa tsiku la mayeso ayambe ndi mafunso omwe akuwadziwa, agawe nthawi molingana ndi malikisi, asiye mphindi 5 zoonanso mayankho. Zofunika ndi kope, cholembera chofiira ndi wotchi basi.