Kulemba limodzi nkhani ya Glee pa Wikipedia ya Chichewa

Ngati muli angapo, wina ku Nchalo wina ku Bangula, gawanani ntchito musanayambe: mmodzi atenge za ochita sewero, wina nyimbo, wina mbiri yake. Aliyense azitsegula chigawo chake chokha. Anthu awiri akasintha ndime imodzi nthawi yomweyo, womaliza kusunga amakanidwa, ndipo zomwe walemba zimatha kutayika. Netiweki ikamadukaduka, lembani kaye m'foni, mukopere pambuyo.

Chiganizo choyamba cha nkhaniyo chinene zenizeni: Glee ndi sewero lanthabwala la nyimbo la ku America, lomwe linaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya Fox kuyambira 2009 mpaka 2015. Mfundo iliyonse ikhale ndi gwero lodalirika, monga nyuzipepala. Zongomva kwa anzanu pamsika sizilowa.

Pa nyimbo ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Tchulani mutu wa nyimbo, amene anayimba ndi gawo la sewerolo lomwe inamveka, koma mawu ake musawakopere: ali ndi eni ake, ndipo akonzi ena adzawafufuta. Chimodzimodzinso zithunzi zojambula pa kanema.

Mukasiyana maganizo, musamangofufutirana zolemba. Kambiranani pa tsamba la zokambirana la nkhaniyo pa Wikipedia, ndipo pomaliza musayine ndi ~~~~ kuti dzina lanu ndi tsiku zioneke.