Dongosolo la Kathiridwe ka Mankhwala Poyandamitsa Mkuwa

M'migodi ya ku Zambia monga Lumwana ndi Kansanshi, mkuwa wopezeka m'mwala wokumbidwa nthawi zambiri sufika pa 1 peresenti, ndipo wambiri umapatulidwa ndi njira ya flotation, imene tizidutswa ta mkuwa timakwera ndi thovu pamene mwala wachabe ukutsalira pansi. Mankhwala ambiri a njirayi amagwira pakhungu pa mwala, choncho woyesa miyala mu labotale ayenera kusamala dongosolo la kathiridwe koposa kuchuluka kwa mankhwalawo.

Perani mwalawo mpaka tizidutswa tambiri tichepere mamaikiloni 100 (gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita), koma musapitirize, chifukwa fumbi lochepera mamaikiloni 10 limatha mankhwala ambiri chonsecho siliyandama bwino. Uyeseni mwalawo ukangochoka m'chigayo, popeza khungu la chalcopyrite, mwala waukulu wa mkuwa, limawonongeka likakhalitsa pa mpweya. Sakanizani ndi madzi kuti mwala ukhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa phalalo.

Choyamba kuthira ndi laimu, mpaka pH, mlingo wosonyeza kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi, ifike pakati pa 10 ndi 11. Pa mlingo umenewu khungu la pyrite, mwala wa chitsulo ndi salufa womwe umakonda kuyandama pamodzi ndi mkuwa, limakutidwa ndi dzimbiri lokonda madzi, ndipo mankhwala obwera pambuyo amalephera kukakamirapo.

Kenako thirani xanthate, mankhwala omamatiza mkuwa ku thovu, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Molekyulu ya xanthate ili ndi mbali ziwiri: ina ili ndi salufa ndipo imamangana ndi mkuwa wa pakhungu pa mwala, pamene inayo, yokhala ngati mafuta, imaloza kunja n'kumakana madzi, mwakuti kachidutswako sikanyowanso, monga nthenga za bakha, ndipo kakakumana ndi mpweya kamamatirira. Kumanganaku kumafuna okosijeni, zimene ambiri amaiwala, ndipo mipira yachitsulo ya m'chigayo imakhala itautha okosijeniyo, motero ndi bwino kulowetsa mpweya pang'ono m'phalalo musanathire. Yambani ndi magalamu 20 mpaka 50 pa tani ya mwala, mutakase kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kuwonjezera xanthate mkuwa ukavuta ndi chizolowezi choipa, chifukwa wotsalayo amangonyamula pyrite. Musayandikitsenso xanthate ndi asidi, popeza amasweka n'kutulutsa carbon disulphide, yomwe ndi poizoni komanso sichedwa kuyaka.

Mwala wobiriwira wa malachite, wopezeka m'zigawo za pamwamba ku Kansanshi, sugwira bwino xanthate pokhapokha utayamba wapatsidwa khungu la salufa ndi mankhwala a sodium hydrosulphide (NaHS). Mankhwala amenewa thirani pang'onopang'ono kangapo, chifukwa akachuluka amalanda malo a xanthate ndipo mkuwa wonse umamira.

MIBC, yolimbitsa thovu, ibwere pomaliza, madontho ochepa chabe, kenako tsegulani mpweya. Thovu loyamba limakhala lolemera, lonyezimira ngati golide wodera, ndipo limachedwa kuphulika. Likayamba kuyera ndi kuphulika msanga, dziwani kuti mkuwa woyandama msanga watha. Kokolani thovulo m'mbale zosiyana malinga ndi mphindi, muliumitse, muliyeze kulemera, ndipo mulitumize kukapimidwa pamodzi ndi zotsalira za pansi, chifukwa popanda zotsalirazo simungawerengere mkuwa umene wataika.